Kupatsa N'kuika mu Mzinda wa Apaulendo

Mwa miyambi yonse imene makolo athu adatisiyira yonena za kuolowa manja, palibe woona mtima kuposa uja wakuti kupatsa n'kuika. Pakuti pamene mawu ena amamtama wopatsa ngati munthu wosawerengera konse, mwambi uwu umavomera poyera kuti dzanja limene latambasuka lero likuyembekeza kuti mawa lina lidzatambasukira kwa ilo. Mayi amene adapungulako ufa m'dengu lake m'mwezi wa Febuluwale, chimanga chisanakhwime m'munda ndipo nkhokwe zitayamba kuonetsa pansi, napatsa mnansi wake amene ana ake adagona ndi njala, sadali kutaya ufawo, ndiponso sadali kukongoza, popeza ngongole ili ndi tsiku lake ndi mboni zake. Adali kuusungitsa m'nkhokwe ina imene anankafumbwe saifika, kufikira chaka chimene dzombe kapena chilala chidzagwera munda wake. Mwambiwu uli ndi abale ake, monga uja wa ndevu za mnzako zimene uyenera kuzizima zikamapsa kuti mawa adzazime zako, ndipo onsewo aima pa maziko amodzi amene makolo sadaone chifukwa chowatchulira, popeza kwa iwo adali odziwikiratu: kuti wopatsa ndi wolandira amatunga madzi pa chitsime chimodzi, amadziwana mayina ndi ziwongo, ndipo tsiku lawo likafika adzagona m'manda amodzi.

Tsono ndafuna kuuyesa mwambiwu pa malo pamene maziko amenewo palibe. Amalawi ambiri amaidziwa Dubai ngati kooda katundu, kumene amalonda a ku Limbe ndi ku Lilongwe amadzazungulira m'misika ya ku Deira masiku ochepa, nabwerera ndi mafoni, nsapato ndi nsalu. Koma kwa ife amene tidadza kudzagwira ntchito, chimene chimatizizwitsa koposa nyumba zosanja zopyoza mitambo n'chakuti pafupifupi anthu 9 mwa anthu 10 alionse okhala m'dziko lino la United Arab Emirates ndi obwera. Mmwenye wa ku Kerala, Mfilipino, Mpakistani, Mngerezi, Mkenya ndi Mmalawi, onse ali pano ndi chilolezo chimene kwa ambiri chidamangirizidwa ku ntchito, kotero kuti ntchito ikatha, masiku okhala nawo ayamba kuwerengedwa. Kwathu timati mlendo ndi mame, ndipo timatero polimbikitsa mwininyumba kuti achereze mosadandaula, popeza mlendoyo sachedwa kukamuka. Koma kuno mwininyumba ndiye wosowa, ndipo wochereza ndi wocherezedwa onse ndi mame okhaokha. Ukampatsa munthu kanthu lero, chaka chamawa iye ali ku Manila, iwe uli ku Mzimba, ndipo palibe mphambano imene mudzakumanirenso. Kodi pamenepo waika, kapena wangotaya?

Chinthu chimene ndachiona chikuyenda kwambiri m'manja mwa anthu osadziwana kuno ndi buku lakale, ndipo chifukwa chake n'chapafupi. Munthu akamalongedza kuti azipita kwawo, mipando, firiji ndi makatani amagulitsa pa Dubizzle kapena kwa anzake a kuntchito, zovala amazipanikiza m'masutikesi, koma akafika pa mabuku amaima nakanda mutu, pakuti pepala n'lolemera, ndege imalola makilogalamu owerengeka okha, ndipo oposerapo amalipiridwa ndalama zimene zikadagula mabuku omwewo kachiwiri. M'nyumba yosanja imene ndimakhala ku Al Nahda, kufupi ndi malire a Sharjah, muli shelefu pansi pafupi ndi chikepe, imene woyiyambitsa wake adapita kale ndipo alonda amangoipukuta fumbi. Pamenepo pamafika nthano zachikondi zothothoka zikuto, mabuku ophunzitsa kuphika, mabuku a mayeso a unamwino ndi a zowerengera ndalama odzaza ndi mizere ya inki yachikasu, timabuku ta ana tokhala ndi zidindo za zala zachokoleti, ena m'Chingerezi, ena m'zilembo za Chimalayalamu, Chiurdu ndi Chiarabu. Kumapeto kwa Juni, sukulu zikatsekera ndi kutentha kukakula, imene ndiyo nyengo ya kusamuka kwa mabanja, shelefuyo imasefukira, ndipo otsala amaunjikidwa pansi m'makatoni.

Pano pali malire oyamba a mwambi wathu, ndipo tisawabise: zambiri zimene zimatchedwa kupatsa n'kutula katundu basi. Amene wasiya katoni ya mabuku pansi pa masitepe usiku woti anyamuka m'mawa, mtima wake uli pa sikelo ya ku bwalo la ndege, osati pa munthu amene adzawerenga. Makolo amati patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha, pophunzitsa kuti mphatso yeniyeni imatuluka mu ufulu wa mtima. Nanga tinene chiyani za mphatso imene yatulutsidwa ndi kuchepa kwa malo m'sutikesi? Ife a ku Malawi nkhaniyi timaidziwa kuchokera ku mbali ya wolandira, pakuti ndani mwa ife amene adaphunzira sukulu ya kumudzi sadaone makatoni a mabuku ochokera kutsidya kwa nyanja, ena ofotokoza malamulo a misonkho a mayiko amene sitidzapondako, ena a makina amene adatha kale ntchito, atangounjikidwa mu ofesi ya ahedi mpaka chiswe chitawatsiriza? Komabe sindingathe kuitsutsa mphatso yotereyi ndi mtima wonse, chifukwa cha mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu. William Kamkwamba, atalekera sukulu panjira chifukwa chosowa fizi m'njala ya 2001 ndi 2002, adapeza mu laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale buku la ku America lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina a mphepo pachikuto, ndipo ndi zitsulo zotola kudzala pamodzi ndi njinga yakutha ya atate ake adamanga makina amene adayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Amene adalongedza bukulo sadamdziwe William, ndipo sadayembekezere kanthu kwa iye. Zikuoneka kuti phindu la mphatso silitsata nthawi zonse kuya kwa mtima wa woipereka. Kawirikawiri limatsata njala ya woilandira.

Ogulitsa mabuku akale mu mzinda uno adapeza njira zosiyana zoyankhira funso lomweli la kubwerera kwa chinthu. Sitolo ya House of Prose, imene idatsegulidwa ku Jumeirah m'zaka za m'ma 1990, idatchuka ndi lamulo lakuti buku limene wagula kwa iwo, lokhala ndi chidindo chawo, ukaliwerenga ndi kulibweza lili bwino amakubwezera theka la mtengo wake. Kumeneko mwambi wathu ukwaniritsidwa monga mwa chilembo, pakuti waikadi, ndipo umboni wake uli m'kati mwa chikuto. Book Hero, imene adayambitsa Montserrat Martin wa ku Spain ndi Mohammed Al Qubaisi wa kuno, idachita cholimba mtima kuposa apo: idatsegula ku Dubai Sports City sitolo yopanda wogulitsa, yosatsekedwa usana ndi usiku, m'mene buku lidali pa mtengo wa madirhamu 10 kapena 20 monga mwa mtundu wa kapepala komatidwapo, ndipo wogula ankadziwerengera yekha naponya ndalama m'bokosi. Chimene chaikidwa pamenepo ndicho chikhulupiriro, ndipo chaikidwa mwa munthu amene mwini sitoloyo sadzapatsana naye moni. Kunja kwa malonda kulinso gulu la BookCrossing, limene Ron Hornbaker adayambitsa ku America mu 2001, ndipo lidafalikira m'mayiko ambiri; anthu ake amalemba nambala m'kati mwa chikuto, nasiya bukulo pa benchi, m'basi kapena pa malo omwera khofi, kuti wolitola akalembe pa intaneti kumene lafika. Nambala imeneyo imandikhudza mtima, pakuti ikuulula kuti ngakhale munthu amene wavomera kuti buku lake silidzabwerera amalakalakabe kuti mbiri yake yokha ibwerere. Ndipo ochuluka a mabuku otere amapita osamvekanso.

Boma la kuno nalo lidachitapo zake: chaka cha 2016 lidachitcha chaka cha kuwerenga, chaka chomwecho lidakhazikitsa lamulo lolimbikitsa kuwerenga, ndipo mu Juni 2022 ku Al Jaddaf, m'mphepete mwa Dubai Creek, kudatsegulidwa laibulale yaikulu ya Mohammed bin Rashid, yomangidwa m'maonekedwe a kathabwa kopingasa kamene Asilamu amaikapo Korani powerenga. N'zotamandika ndithu. Koma mmisiri amene amanyamulidwa pa basi mbandakucha kuchokera ku Sonapur kapena ku Al Quoz, nabwezedwa dzuwa litalowa thupi lonse lili lefu, nyumba yokongolayo ili kutali naye. Buku limene lingamfike ndi lija amsiyira mnzake wa m'chipinda pamene akubwerera kwawo, ngati lili m'chilankhulo chake, ndipo ngati tulo timlola.

Pa shelefu ya pansi pa nyumba yathu m'pamene ndidapeza buku limene landichititsa kulemba izi, ndilo mbiri ya moyo wa Saroo Brierley, A Long Way Home, imene idatuluka mu 2013 ndipo mu 2016 idasandutsidwa kanema wotchedwa Lion. Chikuto chidali chitapindika, msana utasweka kotero kuti linkatseguka lokha pakati, ndipo m'kati mudali kapepala kokwerera ndege ya ku Kochi kamene zilembo zake zidafufutika ndi kutentha. Amene adaliwerenga ndisanaliwerenge ine adali ndi pensulo yofewa ndi dzanja lopepuka. Sadalembe mawu alionse, adangodula timizere m'mbali mwa masamba, ndipo ndili m'kati mowerenga ndidazindikira kuti timizere tonseto tidali pamene wolembayo akunena za mayi, kaya womubala, kaya womulera. Dzina lake sadasiye, koma chimene chinkamupweteka adachisiya poyera kwa aliyense wodzatsegula bukulo pambuyo pake.

Nkhani yake ndi iyi. Mu 1986, ali ndi zaka 5, Saroo, mwana wa banja losauka la ku Khandwa m'chigawo chapakati cha India, adatsatira mkulu wake Guddu ku siteshoni ya sitima ya ku Burhanpur, kumene mkuluyo ankasakako tindalama ndi chakudya. Adagona tulo pa benchi, ndipo podzuka osamuona mkulu wake, adalowa m'bogi lopanda anthu nagonanso, sitimayo n'kunyamuka naye ulendo wa makilomita pafupifupi 1,500 mpaka ku Calcutta, kumene anthu amalankhula Chibengali chimene iye sankachimva, ndipo dzina la kwawo, monga ankalitchulira mwachibwana, palibe amene adalizindikira. Atayendayenda m'misewu milungu ingapo adafika m'manja mwa apolisi, kenaka m'nyumba ya ana amasiye, ndipo mu 1987 Sue ndi John Brierley a ku Hobart, pa chilumba cha Tasmania ku Australia, adamtenga kuti akhale mwana wawo. Adamlera mwachikondi, ndipo mayi Sue adapachika mapu a India m'chipinda chake kuti asaiwale kumene adachokera. Atakula adatha zaka akulondola njanji za sitima pa zithunzi za Google Earth, usiku ndi usiku, kufunafuna thanki ya madzi, mlatho ndi damu zimene adazisunga m'mutu kuyambira ubwana, kufikira adazipeza mu 2011. Ndipo mu 2012, patapita zaka 25, adaima pamaso pa mayi wake womubala, amene sadasamuke m'dera lomwelo poyembekeza kuti kapena mwanayo adzabwera. Kumeneko adamva kuti Guddu adagundidwa ndi sitima pa nthawi yomweyo imene iye adasowa. Ndipo mayi ndi mwana wake wobala yekha adafunika womasulira kuti amvane, pakuti Chihindi chidali chitamthawa.

Tiyeni tsono tiuike mwambi wathu pambali pa nkhaniyi, tione ngati uima. Ndani adapatsa? Mayi wa ku Khandwa sadapatse; adalandidwa ndi tsoka ndi umphawi umene umatumiza ana ku siteshoni usiku, ndipo chimene kwa banja la ku Hobart chidali mdalitso, kwa iye chidali maliro opanda mtembo. Ichi mwambiwu sutha kuchiona, pakuti umalankhula ndi pakamwa pa munthu amene ali nako kanthu kopungula, ndipo sunena kalikonse za iye amene chake chidachoka m'manja asadatambasule dzanjalo. Nanga a Brierley, amene adapatsadi, napereka zaka zawo, tulo tawo ndi dzina lawo, kodi iwo adaika? Tili ndi mwambi wina wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, umene timakonda kutchula theka lake loyamba lokha, kusiya lotsatira lija lakuti ukachenjera manja udya naye. Ndipo theka lachiwirilo likunena zomwe zija za kupatsa ndi kuika. Koma wolera mwana wa mnzake ndi chiyembekezo chodzadya naye ayenera kukonzekera tsiku limene mwanayo adzaimirira pakhomo nati akufuna kukaona kumene kudagwera mchombo wake, pakuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo chibale n'fupa sichiola. Ulemu wa Sue Brierley uli pakuti tsikulo litafika sadamuwerengere mwanayo mbale za chakudya zimene adadya. Adamlola apite, ndipo pambuyo pake iye mwini adapita ku India kukaonana ndi mayi mnzake. Malembo Oyera nawo amaidziwa nkhaniyi, pakuti mwana wamkazi wa Farao adamvuula Mose m'madzi namlera m'nyumba yachifumu, koma zimene adafesa mwa iye zidakakololedwa ndi anthu ena, ndiwo akapolo a atate wake.

Pali chinanso chachikulu koposa. M'mwambiwu muli anthu awiri, wopatsa ndi wolandira, ndipo chopatsidwacho chili duu. Ufa sufunsa kumene udachokera, ndipo buku, ngakhale litanyamula timizere ta pensulo ta mwini wake woyamba, silidzuka usiku kulira kwawo. Mwana ndiye amakumbukira, ndipo n'chifukwa chake mabuku olembedwa ndi anthu oleredwa m'manja mwa ena ali ofunika kuwawerenga mwaulemu. Jackie Kay, wobadwa mu 1961 ku Edinburgh kwa mayi wa ku Scotland ndi bambo wa ku Nigeria, woleredwa ndi banja la ku Glasgow limene adalikonda ndi mtima wonse, adalemba Red Dust Road za ulendo wake wofunafuna makolo omubala. Lemn Sissay, mwana wa mayi wa ku Ethiopia, amene adakula ku England akuitanidwa kuti Norman, ndipo banja lomulera lidambweza ku nyumba za boma ali ndi zaka 12, adalemba My Name Is Why. Wina adapeza chikondi, wina adapeza kukanidwa, koma onse awiri, monganso Saroo, adatenga cholembera kuti iye amene adapatsidwa m'manja mwa ena alankhule yekha. Ndipo akalankhula timamva kuti munthu angathe kuthokoza moona chifukwa cha nyumba imene adakuliramo, nalirabe moona nyumba imene adachotsedwamo.

Kwathu kulera mwana wa wina si chachilendo. Ndani mwa ife sadakhaleko kwa amalume, kwa azakhali kapena kwa agogo chifukwa cha sukulu, matenda kapena imfa? Koma mwambo wathu umasungitsa mwana popanda kumchotsa m'mbumba: mwinimbumba amadziwa kumene ali, chiwongo chake sichisintha, ndipo pa maliro ndi pa ukwati amabwera kudzakhala pa mphasa ya abale ake. Lamulo lolembedwa limene tidatengera kwa Angerezi m'nthawi ya atsamunda limachita zina, pakuti khoti likagamula, ubale woyamba wadulidwa pa pepala, ndipo mwana wasanduka wa banja latsopanolo kotheratu. Kusiyana kumeneku tidakuona poyera mu 2006, pamene woimba Madonna adatenga David Banda ku nyumba ya ana ya Home of Hope ku Mchinji. Bambo wa mwanayo, mlimi amene mkazi wake adamwalira masiku ochepa atabereka, adali atamsiya kumeneko kuti apulumuke, ndipo manyuzipepala a nthawiyo adalemba kuti pa nthawi ina iye adati ankaganiza kuti mwanayo akukaleredwa ndi kuphunzitsidwa n'kudzabwerera kumudzi. Sindikuweruzanso mlandu umene makhoti adauweruza kale. Ndikungoti bamboyo ankaganiza monga munthu amene adayamwa mwambi wathu, kuti akuika, pamene pepala linkanena kuti wapatsiratu. Chozizwitsa n'chakuti dziko lino la Aluya lili pafupi ndi mwambo wathu kuposa lamulo lathu lolembedwa, pakuti Chisilamu chimatama kwambiri kulera mwana wamasiye, mwa dongosolo lotchedwa kafala, koma sichilola kuti mwana achotsedwe dzina la atate wake ndi kupatsidwa la womulera.

Buku la Saroo lija sindidalisunge. Lamulungu lina madzulo, pa siteshoni ya sitima ya Union ku Deira, ndidamva kumbuyo kwanga mawu a Chichewa, mayi akulankhula pa foni ndi mwana, kumfunsa ngati wadya ndi ngati yunifolomu yachapidwa. Ndipo amene adakhalako kunja akudziwa momwe chilankhulo cha kwanu chimakugwirira pakati pa khamu la anthu olankhula zosamveka. Atatsiriza ndidampatsa moni, ndipo iye adadzidzimuka nagwira pachifuwa. "Zikomo achimwene, ndili bwino, kaya inu? Kumudzi n'kuti?" Adali wa ku Dedza, adalemba mayeso a Fomu 4, ndipo ankagwira ntchito yolera ana awiri a banja lina ku Mirdif, pamene wake wamkazi adamsiya kwa agogo ake. Lamulo la kuno limalola wobwera kuitanitsa banja lake pokhapokha malipiro ake akafika madirhamu 4,000 pa mwezi, kapena 3,000 ndi nyumba, ndipo antchito a m'nyumba ali kutali ndi mlingo umenewo. Chotero mzinda uno wadzala ndi amayi amene akusambitsa ana a eni madzulo alionse, pamene awo akusambitsidwa ndi ena ku Dedza, ku Kampala, ku Colombo ndi ku Cebu. Adaona buku m'manja mwanga nafunsa nkhani yake, ndipo nditamfotokozera mwachidule adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Simungandibwereke?" Ndidati, "Tengani achemwali, inenso ndidangolitola. Mukatha mupatse wina."

Apa pali malire enanso, akuti wopatsa sadziwa chimene mphatso yake idzachita ikalowa m'nyumba ya wina. Ufa uli ndi ntchito imodzi yokha, koma buku lingathe kutonthoza, lingathenso kutsegula bala limene mwini wake adalimanga kuti athe kugwira ntchito. Patapita miyezi tidakumananso mosayembekezera pa bwalo la tchalitchi cha St Mary's ku Oud Metha, kumene Akatolika a mitundu yonse amadzaza mpaka panja, ndipo woyamba kuzindikira mnzake adali iye. "Achimwene a buku aja! Ndidaliwerenga lonse, koma masamba ena ndinkawerenga nditatseka chitseko. Chidandiopsa ine si sitima ija ayi. N'chakuti mwana uja atafika sadathe kulankhula ndi amayi ake. Wangatu wayamba kuwaitana agogo ake kuti amayi, ine akuti amayi a pa foni. Ndiye ana ndikulerawa, wamng'onoyo ndikangotuluka amalira mpaka kusanza. Tsiku ndidzapite kwathu, nayenso adzakhala ngati wataya mayi wake." Bukulo adali atapatsa mnzake wa ku Philippines wogwira ntchito m'nyumba yoyandikana nayo, amene nayenso adasiya ana kwawo.

Mayi ameneyu akupatsa ku mbali ziwiri, ndipo ndikafunsa kuti nkhokwe yake ili kuti, yankho limandivuta. Mikono yake, nyimbo zake ndi ubwana wonse wa mwana wake akuziika mwa ana amene akadzakula mwina sadzakumbukira ngakhale dzina lake. Ndalama zake akuziika mu fizi, feteleza ndi njerwa za mwana amene akuitana wina kuti amayi. Zina mwa zimenezi adzazipezadi, ndipo sindikufuna kupeputsa nyumba ya malata kapena satifiketi ya sukulu, pakuti zimenezo ndizo zidamkweza ndege. Koma zaka zimene mwana amaphunzira kumanga chitenje ndi kusenza ndowa siziikika pena paliponse, ndipo amene angauze mayi wotere kuti kupatsa n'kuika ayenera kunena motsitsa mawu. Pa mabuku pokha m'pamene ndaona mwambiwu ukuima mu mzinda uno, ngakhale ukuima mwa njira imene makolo sadaiganizire. Amene adadula timizere ta pensulo sadzalandira kanthu kwa ine, ndipo ine sindidzalandira kanthu kwa mayi wa ku Philippines. Komabe shelefu ija siuma, ndipo aliyense wotsika chikepe amapezapo chimene adasiya munthu amene sadamuonepo. Mlaliki wa m'Malembo Oyera, polangiza za kuponya chakudya pa madzi, nayenso adalonjeza kuti chidzapezeka, koma sadanene kuti chidzabwera m'dzanja la yani. Ndipo mwa ichi adaona patali pang'ono kuposa mwambi wathu, umene umafuna kuti nkhokwe ikhale ndi mwini wodziwika.

Tisanasiyane pa bwalo la tchalitchi mayiyo adandipempha chinthu chimodzi. "Ngati muli ndi lina, achimwene, likhale la Chichewa, loti ndizimuwerengera mwana pa foni." Pempho laling'onoli lidandionetsa kumene kugawana konseku kumathera, pakuti pa mashelefu onse a mabuku akale amene ndafufuza kuno sindidapezepo ngakhale limodzi la m'chilankhulo chathu. Mabuku a Samuel Ntara, John Gwengwe, Stevenson Kumakanga ndi Willie Zingani, amene ngakhale kwathu komweko amafuna kusakasaka, sadafike m'masutikesi a ife amene tidabwera ndi masatifiketi ndi zovala zokha, ndipo munthu sangagawe chimene sadabwere nacho. Ndidalankhula ndi wamalonda wina wa ku Limbe amene amadza ku Deira ndi zikwama zopanda kanthu, ndipo pa ulendo wotsatira adabweretsa timabuku ta nthano za ana togulidwa ku sitolo ya CLAIM ku Blantyre, nakana kulandira ndalama. Mayiyo amawerengera mwana wake pa WhatsApp Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, agogo atakhala pambali kugwira foni. Kontirakiti ya mayiyo ikutha chaka chamawa, ndipo sadatsimikize ngati adzasainanso kapena ayi, pakuti nyumba imene akumanga kumudzi makoma adatha koma malata sadagulidwe.